Kalata Imene Mayi Simbi Sanaiwerenge

Munthu akakhalitsa pa ntchito imodzi, dzina lake lenileni limafa, limatsala la ntchitoyo. Mayi amenewa aliyense ankawatcha Mayi Simbi, chifukwa anayamba kusita kalekale, nthawi ya simbi ya makala, ndipo ngakhale hotela imene ankagwirako itagula zositira zamagetsi, dzinalo linakanirira. Iwo sankadandaula nalo. Ankati bola kutchedwa Simbi kusiyana n'kutchedwa mlesi.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anazithera m'chipinda cha pansi penipeni pa hotelayo, kumene mlendo safika. Kunali nthunzi, phokoso la makina atatu ochapira, ndi fungo la mankhwala oyeretsera lija limakulowa mpaka m'malovu. Chingerezi sankachidziwa, pakuti sukulu analekera kalasi yachinayi bambo awo atamwalira. Koma anali ndi kawerengedwe kawo. Muwapatse shiti ya m'chipinda chilichonse, aiyang'ane kamodzi, akuuzani amene anagonapo: uyu anagona ndi nsapato, uyu ndi wodwala, awa anali awiri koma pa buku la alendo analembetsa mmodzi. Vinyo wofiira ankamuchotsa ndi mchere ndi madzi ozizira, phula la kandulo ndi pepala ndi simbi yotentha. Wobwera kumene aliyense ankamuuza lamulo la kochapira tsiku loyamba lomwe: zimene waona pa nsalu zimathera m'madzi, sutuluka nazo pakhomo.

Lamulo limeneli analiswa eni ake, kamodzi kokha.

Mwini hotela anali ndi mwana wamwamuna, bambo wa ndevu zake zonse, amene ntchito yake inali kudya za atate ake basi. Akatenga chipinda cha pamwamba ndi anzake, ankatha masiku atatu osatsegula makatani. Zimene zinkatsika kumeneko, abale inu! Mashiti onyowa ndi vinyo, masanzi, mabowo a ndudu, keke yopondedwa ndi nsapato, matawulo opukutira zimene sitingatchule. Anthu oti sanachapepo ngakhale kampango kopukutira mamina. Mayi Simbi ankangogwira mphuno n'kuchapa.

Tsiku lina m'mawa kunatsika mayi wokonza m'zipinda, wamtali, wa miyendo yowonda, amene anzake ankamutcha Kakowa chifukwa cha yunifolomu yoyera ndi kayendedwe kake. Anabwera ndi mtolo wa mashiti a chipinda cha pamwamba, n'kuuponya yekha m'makina, ntchito yoti si yake. Yunifolomu inali itang'ambika paphewa. Mayi Simbi anazimitsa makinawo, anatulutsa shiti, anaiyang'ana, kenako anayang'ana Kakowa. Panalibenso chofunsa.

Kakowa anagwada pakati pa madengu. "Mayi, musanene. Ukwati wanga ndi mwezi wa mawa. Akamva akuchimuna, zanga zatha."

"Dzina lako silituluka pakamwa panga, mwana wanga," anatero Mayi Simbi. "Koma kukhala chete zii, ayi, zimenezo zandikanika."

Anakwera masitepe ndi epuloni yonyowa mpaka mu ofesi ya manijala. Anamuuza kuti m'chipinda cha pamwamba wantchito wina walakwiridwa, ndipo ngati mnyamata uja saletsedwa kuyandikira azimayi a m'zipinda, iwo akaonana ndi bambo ake. Manijala anawapatsa mpando, anawapatsa ngakhale tiyi, anafunsa dzina la wantchitoyo katatu. Sanalitchule. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Patatha milungu iwiri manijala yemweyo anawaitana akumwetulira, n'kuwauza kuti ntchito yachepa, makina atsopano safuna anthu ambiri. Anawapatsa kalata ya umboni, ya chidindo chofiira pansi pake. "Kulikonse mukafuna ntchito, mayi, muzikaonetsa imeneyi."

Asanatuluke pageti anaitana Kakowa, amene anamaliza sekondale, kuti awawerengere. Kakowa anaiyang'ana nthawi yaitali, milomo ikunjenjemera. Kenako anaipinda.

"Ndi yabwino, mayi. Akuti mwagwira zaka zambiri."

Mayi Simbi anaganiza kuti mwanayo akunjenjemera ndi chisoni cha kusiyana. Anamusisita pamsana n'kumuuza kuti asalire.

Miyezi isanu ndi iwiri anayenda nayo kalatayo. Makomo asanu ndi anayi: mahotela, sukulu yogonera konko, malo ochapira masuti a mabwana. Paliponse zinkayamba bwino. "Zaka zonsezo malo amodzi? Khalani pansi, mayi." Akatsegula envulopu, nkhope inkasintha. Ankawayang'ana kuchokera pa mpango wa kumutu mpaka ku nsapato, n'kubwereranso pa pepala. Bwana wina anachita kuitana mnzake kuti adzawerenge nawo, onse awiri n'kumaluma milomo kuti asaseke. Mayi wina wa pasukulu anawabwezera kalatayo ndi zala ziwiri. Yankho linali limodzi: "Tidzakuitanani." Mayi Simbi ankati ndi ukalamba. Anafika pogula mankhwala odetsa imvi, munthu woti sanapakepo kanthu kumutu chibadwire.

Mwana wawo wamkazi, wokwatiwa ku tauni ina, anatopa nazo. Anaimba foni kuti Loweruka likubwerali abwera ndi galimoto kudzatenga katundu, amayi azikakhala nawo. Mayi Simbi ankaidziwa nyumba imeneyo: zipinda ziwiri, ana atatu. Iwo azikagona pabalaza, kudzuka mkamwini asanadzuke kuti apinde matiresi, kudya akuyang'ana pansi. Munthu amene wadzidyetsa yekha chiferere amuna ake! Zinkawawawa mpaka m'mafupa. Anapempha mwana wawoyo kuti awalole agogode khomo limodzi lotsiriza, likakanika apakira okha.

Khomolo linali chipatala chachikulu. Kakowa atakwatiwa anasiya kuhotela n'kupeza ntchito kochapira kwa chipatalacho, ndipo ndiye anaimba foni: mayi wina akupuma pa ntchito, malo alipo amodzi, abwere Lachinayi 2 koloko masana akaonane ndi a Metroni, mkulu wa anamwino.

"Koma kalata ija musabwere nayo, mayi. Ingobwerani nokha."

"Iwe, ukwati wakusokoneza mutu? Mlimi amapita kumunda wopanda khasu?"

Lachinayi m'mawa anatulutsa kalatayo pansi pa Baibulo, n'kuona kuti envulopu yatha, yang'ambika m'makona, yada ndi zala za mabwana asanu ndi anayi. Munthu wofuna ntchito ya ukhondo sangapereke chinthu chotero. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: anavala n'kupita kwa alamu awo, mng'ono wa malemu amuna awo, mphunzitsi wa Chingerezi wopuma pa ntchito. Anthu ankangoti a Ticha. Mayi Simbi ankawapewa, osati chifukwa cha udani, koma a Ticha ukawapempha madzi akumwa amayamba akuuza kumene mtsinje unachokera.

Anawapeza pakhonde, magalasi pamphuno, akuwerenga nyuzipepala ya sabata yatha.

"Alamu! Lero mvula igwa. Mwatikumbukira?"

"Nthawi ndilibe, alamu. Ndikufuna envulopu yatsopano, ndi dzanja lanu lokongola lija pamwamba pake. Mulembepo kuti ikupita kwa a Metroni a kuchipatala."

A Ticha analowa, anabwera ndi envulopu yoyera, anasolola kalatayo kuti aisamutse. Tsono mphunzitsi kuona pepala lolembedwa osaliwerenga, n'zosatheka. Maso awo anatsika mzere woyamba, wachiwiri. Pa wachitatu anaima. Anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, anavalanso, n'kuyambiranso pamwamba.

"Alamu, mwayenda nayo kungati imeneyi?"

"Makomo asanu ndi anayi."

"Mayo ine!"

"Chavuta n'chiyani?"

"Dikirani nditenge dikishonale."

Munthu amene waphunzitsa zaka makumi atatu ndi zisanu sathamangira dikishonale ngati mwana wa mayeso. A Ticha ankathawa, ndipo Mayi Simbi anadziwa. Anakhala pa mpando wa pakhonde paja, chikwama pamiyendo, akumva alamu awo akugwetsa mabuku m'katimo.

A Ticha anatuluka ndi chibuku chong'ambika msana, anachitsegula, chala chikuyendayenda.

"Pali liwu apa, alamu, la zilembo khumi. Amalitchula kuti dibochari. Liwu limeneli si la Angerezi kwenikweni ayi, analibwereka kwa Afalansa. Kumeneko kalekale linkanena za kunyengerera wantchito kuti asiye ntchito ya bwana wake. Kenako linakula, n'kumanena za kusocheretsa munthu pa njira yabwino. Ena amati muzu wake weniweni unali wa amisiri a matabwa, koma akatswiri sagwirizana pamenepo, chifukwa..."

"Alamu."

"...chifukwa mukaona mmene linkalembedwera poyamba..."

"Alamu! Sindinafunse kwawo kwa liwulo, kapena dzina la agogo ake. Ndafunsa kuti landinena chiyani ine."

A Ticha anatseka chibukucho. Kwa nthawi yoyamba chiwadziwire, analankhula mwachidule.

"Chitayiko, alamu. Moyo womwerekera. Munthu amene wadzitaya m'zokondweretsa thupi mopanda malire: mowa, chigololo, maphwando osatha. Si uja waledzera kamodzi paukwati ayi, koma amene wazisandutsa moyo wake." Analoza pa kalata ija. "Akuti n'chimene anakuchotserani. Akuti munkamwa mowa wotsala wa alendo pa nthawi ya ntchito, munkalowetsa amuna m'zipinda zopanda alendo, ndipo munkaphunzitsa atsikana zomwezo. Pomaliza akuti sangalangize munthu aliyense kukulembani ntchito."

Mumsewu munadutsa njinga yamoto, phokoso lake linakafika kutali n'kuzimirira. Mayi Simbi anali asanaphethire.

"Ine?"

"Inu."

"Ine amene ngakhale vinyo wa kutchalitchi amanditsamwa?"

"Ndikudziwa, alamu. Achimwene anga ankadandaula kuti anakwatira m'busa." A Ticha anayesa kuseka, koma sizinatheke. "Ndipo chodabwitsa, liwu limeneli m'mabuku amakonda kunenera mafumu ndi anthu amene chuma chawapengetsa. Mmphawi amangoti chidakwa."

"Andikweza, eti?"

Mayi Simbi anaseka kuseka kouma, kamodzi, kenako misozi inatsika yokha. Inali misozi ya manyazi ndi ukali pamodzi. Anakumbukira bwana uja anaitana mnzake, mayi uja wa zala ziwiri, imvi zawo zopakidwa mankhwala. Iwo ataima mwaulemu, manja pamodzi, akumwetulira, kwinaku apereka okha pepala lonena kuti ndi hule lokalamba. Kasanu ndi kanayi! Chinthu chimene anachichapa zaka zonsezo osadziwa kuti chili ndi dzina m'Chingerezi, dzina lake linatsika kuchokera m'chipinda cha pamwamba n'kudzatera pa iwo.

"Anakuwerengerani ndani poyamba?" anafunsa a Ticha.

"Mwana wina wa kuntchito."

"Anaphunzira?"

"Anamaliza sekondale."

"Ndiye liwu lalitalili mwina linamuphonya. Koma za mowa ndi za amunazi zalembedwa m'Chingerezi cha kalasi yachisanu. Anazimva, alamu. Kandimverere anakanena za m'maluwa."

Apa ndiye mtima wa Mayi Simbi unachita kuti phwii. Kakowa! Mwana amene iwo anamutayira ntchito. Anawerenga zonse, anapinda pepala, n'kunena kuti ndi yabwino. Ndipo dzana lomweli akuti musabwere nayo.

A Ticha anayang'ana wotchi. Inali itadutsa 12 koloko. Anatsitsa mawu, ngakhale pakhondepo panalibe wina.

"Mverani. Kuseri kwa positi ofesi kuli munthu amasema zidindo. Ine ndilemba ina yabwino, ya Chingerezi choti a Metroni aimirire powerenga. Ola limodzi lokha."

"Madzi akuda sachapira, alamu. Bodza lawo ndilitsuke ndi bodza langa? Akadzandigwira, ndiye kuti zonse analembazo zasanduka zoona."

"Ndiye muisiye kuno."

"Ikani mu envulopu. Lembani pamwamba mmene ndanenera."

"Alamu, mukudzipha nokha."

"Ndikukanena zonse. Tsiku, chipinda, shiti, dzina. Wandisungira chiyani mwana uja kuti ine ndimusungire?"

A Ticha analemba monyinyirika, moti zilembo zawo zotchuka zija zinapendama.

Basi inachedwa kudzaza. Itanyamuka inkaima paliponse, ngakhale pamene panalibe munthu, kondakitala akuitana anthu amene anali asanatseke n'zitseko za nyumba zawo. Mayi Simbi anapanikizidwa pawindo, chikwama pachifuwa, akukonza mawu. Ndidzayamba ndi yunifolomu yong'ambika. Ayi, ndidzayamba ndi mmene anagwadira. Mawuwo ankawaotcha pakhosi, ndipo ankafuna afike asanazizire. Anatsika pageti la chipatala patatsala mphindi khumi, anafunsa mlonda njira, anadutsa makonde onunkha mankhwala pafupifupi akuthamanga.

Kochapira kwa chipatala kunali kokulirapo kuposa kwa kuhotela, koma fungo ndi phokoso zinali zomwezo, moti manja awo anayamba kuyabwa kufuna ntchito. Azimayi atatu ankasankha nsalu m'madengu, zobiriwira za kutiyeta, kochitira opaleshoni, pazokha, zoyera za m'mawodi pazokha. Wachinayi anali pa makina a kumapeto, atapereka msana. Wamtali, miyendo yowonda. Atamva mapazi anatembenuka.

Anali ndi pakati, mimba yaikulu ndithu, yunifolomu itakana kumangika mabatani awiri.

Mayi Simbi anaima. Chisiyanire pageti la hotela ankangolankhulana pafoni, ndipo za mimbayi Kakowa sanatchulepo. Mutu wa mzimayi umawerenga miyezi wokha, osautuma. Anawerenga kuchokera pa ukwati. Anawerenganso kuchokera m'mawa uja wa mtolo wa mashiti. Kusiyana kwake kunali kochepa moti palibe mzamba angalumbire. Analeka kuwerenga.

Kakowa anaona envulopu yoyera ikusuzumira m'chikwama, anaona nkhope ya Mayi Simbi, ndipo anadziwa kuti adziwa.

"Ndinu mayi a kuhotela aja?"

Anali a Metroni, mayi wamfupi wojintcha, makiyi m'chiuno, ataima pakhomo la kaofesi ka magalasi pakona. Anawalowetsa, koma chitseko anachisiya chotsegula, ndipo azimayi atatu aja anayamba kusankha nsalu pang'onopang'ono, makutu ali kuno.

"Mnzanuyu wakuyamikirani kwambiri," anatero a Metroni. "Akuti banga limene lakukanani inu ndiye kuti nsaluyo yoyenera kutaya. Wandiuzanso kuti kalata yanu ya umboni inatayika. Palibe vuto. Ndingoimbira foni manijala wa kumeneko ndimve ndekha." Dzanja lawo linali kale pa foni.

"Sinatayike, mayi."

Anaiika patebulo. A Metroni anang'amba envulopu, anawerenga. Mayi Simbi ankaidziwa bwino nkhope imene inkabwera, anali ataiona kasanu ndi kanayi. Kusiyana kwake lero ankadziwa mzere umene maso afika. Uwu ndi wa mowa. Uwu ndi wa amuna. Anaima chilili, thukuta likutsika kumsana.

"Mukudziwa zimene zalembedwa umu?"

"Ndadziwa lero m'mawa."

"Lero?"

"Chingerezi sindiwerenga, mayi. Alamu anga ndiwo andiwerengera."

"Ndipo mwabwera nayobe." A Metroni anatsamira kumbuyo. "N'zoona?"

"Ndi bodza kuyambira pamwamba mpaka pa chidindo. Choona ndi dzina langa ndi zaka."

"Ndiye manijala wa hotela yaikulu angadzuke m'mawa n'kulembera mayi wochapa zinthu zoterezi popanda chifukwa? Munamulakwira chiyani?"

Mawu aja anawakonza m'basi anali pomwepo pa lilime, okonzeka. Tsiku, chipinda, shiti, dzina. Kungotsegula pakamwa, ntchito ndi yawo, Loweruka galimoto ibwerera yopanda katundu. Kudzera pagalasi ankaona Kakowa ataima pomwe paja, dzanja limodzi pamimba. Ankaonanso azimayi atatu aja, amene tsopano anali atasiyiratu kusankha. Nkhani ya kochapira imafika kumsika nsalu zisanaume. Ikanafika kwa mwamuna wa Kakowa dzuwa lisanalowe, ndipo mwamunayo akanayamba kuwerenga miyezi nayenso.

Anali akadakwiya. Ukali sunachoke ngakhale pang'ono. Koma pakamwa panakana.

"Chifukwa chilipo, mayi. Koma sindinganene."

"Simunganene."

"Si changa ndekha."

A Metroni anapumira m'mwamba. Sanali munthu woipa, ankaoneka kuti zikuwavuta. "Mayi, ndimvetseni. Pano pali atsikana ophunzira unamwino, pali makiyi a sitolo, pali odwala. Ndikakulembani ndi pepala ili m'failo, tsiku lina kena kake kakalakwika, adzafunsa ine. Ndipatseni chogwira. Chilichonse."

"Ndipatseni shiti yoipitsitsa imene muli nayo, muone."

"Za manja anu sindikukayika. Ndikufunsa za pepalali."

Wotchi ya pakhoma inkagunda, makina a kumapeto ankazungulira. A Metroni anadikira ndithu, nthawi yokwanira munthu kusintha maganizo kawiri. Kenako anapinda kalata ija n'kuikankhira kutsogolo.

"Pepani. Sindikunamizani kuti tidzakuitanani."

"Zikomo poti mwanena zoona, mayi."

Anatenga kalatayo, anatembenuka. M'mutu mwawo anali atayamba kale kusankha katundu: bedi silikwana pabalaza paja, aligulitsa, simbi yakale ija apita nayo.

Pakhomo la kaofesi anakumana ndi Kakowa, atatsekereza njira.

"A Metroni, ndikupempha mutseke chitseko. Ndinene ndine."

"Iwe, bwerera ku makina ako," anatero Mayi Simbi motsitsa mawu, mano ali pamodzi. "Ndataya kale ntchito ziwiri chifukwa cha iwe. Usazisandutse zachabe."

"Mayi, ndakhala chete miyezi isanu ndi iwiri. Sindigona."

"Ganiza za mwanayo."

"Ndiye ndizidzamuyang'ana bwanji?"

Anawadutsa n'kulowa. A Metroni anayang'ana uyu, anayang'ana uyo, anadzuka n'kutseka chitseko. Asanatseke anakuwira azimayi atatu aja kuti zobiriwira za kutiyeta zikufunika pofika 3 koloko, atenge madengu apite nazo kokayanika, onse atatu, pompano.

Mayi Simbi anatsala okha pakati pa makina. Pagalasi ankaona msana wa Kakowa ukugwedezeka, manja akusonyeza paphewa. Ankaona a Metroni atagwira pakamwa. Mawu sankamveka. Anayang'ana kumbali, chifukwa zimenezo si zoonerera.

Panatha mphindi mwina makumi awiri. Chitseko chitatseguka a Metroni anatuluka okha, maso ofiira, mawu aukali ngati munthu amene akubisa kulira.

"Bweretsani pepalalo." Analitenga, analiika m'thumba la yunifolomu, osati m'failo. "Lolemba, 7 koloko. Mukachedwa mphindi imodzi mudzandidziwa. Ndipo zimene zanenedwa muno zatsala muno. Wina akadzafunsa, tinkakamba za tchuthi chake cha uchembere." Anapita, makiyi akulira m'chiuno.

Kakowa anatuluka pambuyo, nkhope yotupa. Sanayang'ane Mayi Simbi. Anapita pa makina oumitsira amene anali ataima, anatsegula, anakoka shiti yaikulu ya m'wodi, yotentha. Anayesa kuipinda yekha, koma mimba inkamutchinga, ndipo mbali ina inkakwekwereza pansi.

Mayi Simbi anaika chikwama pa benchi. Anatola makona awiri a mbali inayo, anabwerera m'mbuyo mpaka shitiyo inakungika pakati pawo. Anaikutumula kamodzi, anaipinda m'litali.

"Makomo asanu ndi anayi, mwana iwe."

"Ndikudziwa, mayi."

"Anandiseka. Ndinapaka ndi imvi zomwe."

"Ndinaopa kuti mukadziwa mubwerera kwa manijala kukalalata, zonse ziululika. Tsiku lililonse ndinkati ndikuuzani mawa."

"Sindinakukhululukire."

"Ndikudziwa."

Shiti ikapindidwa m'litali, anthu awiriwo amayenera kuyenda kukumana pakati kuti makona agwirane. Mayi Simbi anayenda, Kakowa anayenda. Zala za Kakowa zinali zozizira ngati za munthu wotuluka m'madzi, ngakhale nsaluyo inali yotentha. Mayi Simbi anazigwira pamodzi ndi makona aja, ndipo sanazitaye msanga.

"Amuna ako akadzafunsa, usadzayankhe uli wekha. Udzanditumire uthenga, ndidzabwera. Wamva?"

Kakowa anagwedeza mutu, misozi ikugwera pa shiti.

"Tsono pukuta maso, ukunyowetsa nsalu ya odwala. Tenga inayo."